Dimba ligulitsidwe kuti mwana apite ku Joni?

Mayi a Tiyamike: Mwaswera bwanji abale nonse. Pali nkhani yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano popeza ambiri ndinu a m'banja ndipo ena muli konko ku Joni. Mwana wa malemu achemwali anga, amene analemba Fomu 4 chaka chatha uja, wakakamira kuti tigulitse dimba la kumtsinje lija apeze ya pasipoti ndi yoyendera. Wogula wapezeka kale, ndi bambo wina wa geni ya tomato pa Lizulu. Ine mutu waima. Ndithandizeni nzeru.

Kondwani (Cape Town): Azakhali, musagulitse. Ndikunena ine amene ndili kunoko.

Stella (Randburg): Iwe Kondwani, kwanu wamanga ya malata ndi ndalama za konkuno, lero ukuti mnzako asabwere?

Kondwani (Cape Town): Sindinati asabwere achemwali. Ndati dimba lisagulitsidwe. Ndi nkhani ziwiri zimenezo.

Aphunzitsi Gama: Tisanafike patali, mayi a Tiyamike, dimbalo ndi la yani? Momwe ndikudziwira ine, linali la agogo anu aakazi, linapita kwa mayi anu, kenako kwa inu ndi malemu achemwali anuwo. Ndiye kuti ndi la mbumba. Mnyamatayu ali ndi alongo ake awiri. Iye mawa akapeza banja akhoza kupita kuchikamwini, kapena kukakhazikika ku tauni, koma alongo akewo ndi ana awo adzadya pomwepo. Kodi amalume ake, eni mbumba, mwawauza? Nanga amfumu akudziwa? Malo otere sagulitsidwa ndi anthu awiri kuseri kwa nyumba. Milandu yambiri imene ikudzaza mabwalo a mafumu masiku ano imayamba chonchi, wina wagulitsa ali pa changu, patapita zaka zisanu abale atulukira.

Mayi a Tiyamike: Achimwene sindinawauze, ndikuopa mkamwa mwawo. Inu mukuwadziwa.

Bambo a Chisomo: Ine ndiyankhule ngati mlimi wa kudimba, chifukwa enanu dimba mumaliona pa chithunzi. Mnyamatayo sakupenga ayi. Ulimi wa tomato ndi kachewere unali ndi phindu feteleza asanauluke. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Kuchokera pamenepo feteleza, mankhwala opopera, mafuta a pampu, zonse zinakwera kamodzi. Koma dengu la tomato silikwera motsatira dola. Tikakolola tonse nthawi imodzi, mavenda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafika pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off ndi mtengo wawo wokonzeratu. Ukakana, tomato akuwolera pamsewu. Mwana akuona zimenezi tsiku ndi tsiku, kenako akuona mnzake amene analephera Sitandade 8 wabwera pa Khirisimasi ndi njinga yamoto ndi sola. Mukuti aganize chiyani?

Aphunzitsi Gama: Chuma chili m'nthaka, bambo a Chisomo.

Bambo a Chisomo: Chili m'nthaka ndithu aphunzitsi, koma chofukulira chake chili mu dola 😂

Nangozo: Kkkkk bambo awa

Bambo a Chisomo: Komabe ndisanamizire. Pa Freddy paja mu 2023 ndi chilala chotsatira chija, amene tinadya nsima mpaka February ndi ife a madimba. Chimanga cha m'dimba chimacha pamene cha m'nkhokwe chatha. Sichikulemeretsa koma sugona ndi njala. Ndiye kugulitsa ndiye ayi, ndikugwirizana ndi Kondwani.

Stella (Randburg): Chabwino, ndinene za kuno kuti mwanayo amve zoona, chifukwa anyamata akabwera kumudzi amangoonetsa nsapato. Mmalawi akalowa ndi pasipoti amamudindira masiku 30 ngati mlendo. Si chilolezo chogwirira ntchito chimenecho. Masiku akatha, uli ndi njira ziwiri: kubwerera kuboda kukadinditsanso, zimene zimadya ndalama, kapena kungokhala. Ambiri amangokhala. Ukapitiriza masiku, tsiku lotuluka amakuletsa kulowanso, kuyambira chaka chimodzi mpaka zisanu. Ukagwidwa m'katimu, ndi ku Lindela ku Krugersdorp kudikira kutumizidwa kwanu, ndipo katundu wako yense watsala m'kachipinda ka lendi.

Za malipiro. Mu March 2025 lamulo la kuno linati munthu asalandire zochepera R28.79 pa ola, ndipo ife a ntchito za m'nyumba ndi a m'gadeni tili momwemo. Pa pepala n'zokoma. Koma wopanda mapepala akadandaula kwa yani? Bwana akuuza kuti mwezi uno zinthu sizinayende, tenga theka, ukangotsegula pakamwa akukumbutsa za pasipoti yako. Alipo mabwana abwino, anga ndi amodzi, amandipatsa ndi ya Khirisimasi yomwe. Koma ndi mwayi, si ufulu. Pa zomwe walandirazo chotsapo lendi, magetsi, ya takisi, chakudya. Zotsalazo ndi zimene mumaziona pa Mukuru zija. Zimaoneka zambiri zikasanduka makwacha, koma munthu wazifinya m'mimba mwake.

Kondwani (Cape Town): Zoona zokhazokha. Onjezani kuti ntchito suipeza tsiku lofika. Pali anyamata amaima pamphambano m'mawa uliwonse kudikira galimoto iime kuti ikufuna wokumba kapena wopenta. Miyezi itatu, inayi ukudya za amene anakulandira. Ndiye taganizani azakhali, dimba lapita, ndalama yathera pa njira ya Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, mwana wagwidwa mwezi wachiwiri. Wabwerera ndi jumbo. Akafikira pati? Amene timalimba mtima kuno timalimba chifukwa tikudziwa kuti zikavuta kwathu kuli pogwira khasu.

Nangozo: Nanga za a Dudula zija zinatha?

Kondwani (Cape Town): Sizinathe. Zimazima n'kuyakanso, makamaka chisankho chikayandikira. Operation Dudula, gulu lothamangitsa anthu a m'mayiko ena, inayambira ku Soweto mu 2021, koma chidanicho n'chakale. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa. Mu 2015 zitavuta ku Durban boma lathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu. Ena mwa amene anakwera mabasiwo anabwereranso kuno, ndiye muone pamene pafika umphawi wathu.

Stella (Randburg): Ndi malo ogona omwe. Nyumba ya Usindiso imene inapsa pakati pa Johannesburg pa 31 August 2023 inapha anthu 76, ndipo a kwathu analimo ambiri. Anthu amakhala m'malo otero chifukwa lendi yake ndi yotsika, akufuna yotumiza kumudzi ichuluke. Ku George nako nyumba inagwera omanga mu May 2024, Amalawi analiponso.

Limbani: Moni nonse. Agogo ali pompano, ndimawawerengera. Akuti ndilembe mawu awo, ndiye ndikulemba momwe akunenera.

Akuti: "Ana inu mukuyesa ulendo wa ku Joni mwauyamba ndinu. Bambo anga anapita wapansi nthawi ya atsamunda, kuthawa msonkho ndi thangata. Ine ndinapita pa Wenela, pa ndege. Anatiyeza m'chifuwa, anatipima pa sikelo, tinadinda chala. Malo aja mukukwerera mabasi ku Blantyre mukuti pa Wenela, dzinalo linachokera kwa ife. Nthawi imeneyo Amalawi m'migodi tinalipo oposa 100,000. Ndiye mu April 1974 ndege inagwa ku Francistown ku Botswana, anzathu oposa 70 anathera pomwepo akubwerera kumudzi. Kamuzu anakwiya, anatseka. Anadzatsegulanso mu 1977, ndiye nthawi ya Theba imeneyo, mpaka cha mu 1988 pamene anakangana pa nkhani yoyeza magazi. Kusiyana kwake n'koti ife timapita ndi kontilakiti. Ndalama ina amatisungira, timadzalandirira kuno kumudzi. Kontilakiti ikatha umabwerera, ufune usafune. Palibe anagulitsa munda kuti apite, ulendo amalipira ndi iwowo. Ndinabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera ndi chifuwa chimene ndili nachochi."

Akutinso ndiwonjezere kuti Kamuzu yemweyo anagwirapo ntchito ku mgodi ku Joni ali mnyamata, ndiye musamanyoze matchona.

Aphunzitsi Gama: Agogo anena zoona. Ndi Clements Kadalie yemwe, wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la ICU la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Dziko lathu lakhala likutumiza manja kunja kwa zaka zoposa 100. Chimene chasintha n'choti kale wolemba ntchito amabwera kudzakutenga, lero ukudzitengera wekha, ndi ndalama zako, ndipo ukafika akukuuza kuti sakukufuna pamene gadeni yawo ukuwasamalira ndiwe.

Nambewe: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku sikelo ndi mwana. Nonse mukukamba za ndalama. Ine ndikambe za ife otsala. Bambo a ana angawa ali konko. Chaka choyamba foni tsiku lililonse, ndalama mwezi uliwonse. Pano ndikamva mawu awo ndiye kuti kwagwa maliro. Sindikuwanena, mwina zinthu zawavuta, mwina pali wina, sindifunsa. Koma mudzi wathu tauonani bwino. Kumanda okumba akuchepa, adzukulu ndi achikulire okhaokha. Denga likasasuka tikuchita kulemba waganyu. Ana akuleredwa ndi agogo awo chifukwa masiku ano ndi atsikana omwe akupita. Nyumba za malata zilipo zokongola, zina zokhoma chaka chonse, mukugona mileme.

Stella (Randburg): Alamu, mawu anu andilasa. Anga awiri ali ndi amayi. Wamng'onoyo ndikamuimbira pa vidiyo amathawa, amati ndi anti.

Nambewe: Sindimanena inu alamu. Inu mumatumiza, ana anu ali pa sukulu yabwino, tonse tikuona.

Nangozo: Komatu tisaiwale kuti chigayo chili pa mphambano chija ndi cha ndalama za ku Joni. Mjigo utawonongeka anasonkha ndi omwewa. Fizi ya ana angati m'mudzi muno ikuchokera konko? Tikati onse abwerere lero, tidya chiyani? Boma lili ndi ntchito zowapatsa? Si boma linatumiza achinyamata ku minda ya ku Israel mu November 2023, nkhondo ili m'kati? Ngati boma lenilenilo likuona kuti njira ndi kutumiza ana kunja, mwana wa Fomu 4 tim'dzudzule bwanji?

Madalitso: Moni makolo anga nonse. Mwina mwaiwala kuti ndili pa gulu pano, anandilowetsa ndi achimwene a Limbani nthawi ya maliro a amayi. Mwana mukumukambayo ndine.

Nangozo: Eeee 🙆🏾‍♀️

Mayi a Tiyamike: Mada mwanawe, sindimadziwa. Koma palibe choipa ndanena.

Madalitso: Palibe amayi aang'ono, ndipo ndathokoza kuti mwafunsa anthu. Ndingopempha ndinenepo mbali yanga. MSCE ndinakhoza, koma mapointi anga sakanandifikitsa ku yunivesite ya boma, ndipo ya pulaiveti tilibe ndalama yake. Ndinalembera ku TTC, sindinatengedwe. Ngakhale ndikanatengedwa, achimwene ena m'mudzi momwemuno anamaliza kosi ya uphunzitsi n'kukhala zaka akudikira kulembedwa. Ndinayesa kabaza wa njinga ya eni, madzulo ukapereka ya bwana ndi ya mafuta watsala ndi ya sopo. Ntchito ya mu shopu ku Ntcheu boma akuti ndiyambe ndi ndalama yosakwana thumba la feteleza. Zimene anena achemwali a Stella ndi achimwene a Kondwani ndazimva, ndipo zina ndimazidziwa kale, anzanga amandiuza. Sindikupita chifukwa ndikuyesa kuti ndalama amatola pamsewu. Ndikupita chifukwa kuno ndikuona zaka zikungodutsa. Alongo anga awiriwo fizi yawo ichokera kuti? Dimba lomwelo chaka chino talima theka chifukwa feteleza tinalibe.

Aphunzitsi Gama: Wayankhula mwaulemu mwana wanga, ndipo palibe angakutsutse pa zimene wanenazo. Ine ndakhala m'kalasi zaka zambiri, ndipo chimene chimandiwawa n'choti mwana wa Sitandade 7 ukamuuza kuti limbikira sukulu amakufunsa kuti aphunzitsi, inu munalimbikira, njinga yamoto yanu ili kuti? Ndilibe yankho. Koma funso langa likadali pomwepo. Iwe ukufuna kuika pa juga chinthu chimene si chako wekha. Ukapambana, tonse tidzavina. Ukalephera, olipira ndi alongo ako, amene sanafunsidwe n'komwe.

Madalitso: Ndiye nditani aphunzitsi? Katapila?

Bambo a Chisomo: Katapila ayi mphwanga, ameneyo ndiye adzatenga dimba ndi mbuzi zomwe. Bwanji kubwereketsa? Wa tomato yemweyo mumuuze kuti kugula ayi, koma alime nyengo ziwiri kapena zitatu, alipiriretu. Anthu a geni amavomera, chimene akufuna ndi madzi a pamenepo. Ndalama yake siifika ya kugulitsa, koma pasipoti ndi basi zikhoza kutheka. Chachikulu mulemberane pamaso pa amfumu ndi mboni, chaka choyamba ndi chaka chotuluka zilembedwe bwinobwino. Ndipo isakhale pinyolo. Pinyolo ndi ija amati ukalephera kubweza malo apita. Anthu ambiri ataya madimba pa mawu apakamwa, wobwereka akadzalamo nthochi ndi nzimbe basi wakhazikika.

Mayi a Tiyamike: Nanga ife nyengo zitatuzo ndiwo tizitenga kuti?

Bambo a Chisomo: Mubwereketse theka limene simunalime lija. Linalo mupitirize.

Kondwani (Cape Town): Zikatero ine ndikhoza kumulandira. Ndikukhala ku Capricorn, chipinda n'chimodzi koma pansi pali malo. Koma Mada undimvetse. Ubwere ndi pasipoti yako yeniyeni, yodinda pa boda iliyonse. Za matransipota okuuza kuti tikuwolotsa opanda pepala usayerekeze, anthu amasiyidwa m'tchire kapena kutsekeredwa m'nyumba mpaka abale atumize ndalama ina. Chachiwiri, ubwere ndi luso m'manja. Miyezi imene ukudikira pasipotiyi pita kwa amisiri ukaphunzire kuwotcherera, kuika matailosi kapena kusoka. Wodziwa matailosi kuno sagona ndi njala, pamene wongoti ndigwira iliyonse ndi amene amaima pamphambano uja. Satifiketi ya MSCE kuno palibe adzakufunsa.

Stella (Randburg): Chachitatu ndiwonjezere ine. Ukangofika ulowe gulu la maliro. Timasonkha mwezi ndi mwezi. Kunyamula thupi kuchokera kuno kufika ku Ntcheu ndi ndalama yoti banja silingaipeze pa sabata imodzi, ndipo taona anthu akugulitsa minda yomweyo kuti mwana wawo adzagone kwawo. Achinyamata mumaona ngati kulankhula zimenezi n'kulodza, koma ife tatopa ndi kuyendetsa mbale pa WhatsApp chifukwa cha munthu amene sanasonkhepo ndi kamodzi komwe.

Nambewe: Ndipo usakwatire kaye usanapite. Usasiye mwana wa eni pakhomo ndi mimba kuti azikudikira. Pita uli wekha.

Nangozo: Apa ndiye mwanena alamu 👏🏾

Yamikani (Leicester): Ndawerenga zonse ndili pa shifiti ya usiku. Ine ndingoti musaganize kuti ife a ku UK zathu n'zosiyana kwenikweni. Mapepala tili nawo, inde, koma ntchito yosamalira okalamba, viza yako ili m'manja mwa kampani imene inakuitana. Tikusambitsa makolo a eni pamene athu akutungirwa madzi ndi ana a aneba. Mada, ya pasipoti ndithandizako theka, koma ndikufuna ndimve kaye kuti amalume avomera.

Madalitso: Zikomo kwambiri achemwali. Koma kunena zoona, theka la dimba kwa nyengo zitatu sindikudziwa ngati ikwane, poti pamafunikanso ya m'thumba pofika. Ndiwerengera ndione.

Aphunzitsi Gama: Werengera, ubweretse pano tione limodzi. Mayi a Tiyamike, achimwene anuwo ndiwaimbira ndine Loweruka, tinaphunzira limodzi, ukali wawo ndimaudziwa pogwira pake. Koma wa tomatoyo mumuuze aime kaye, asapereke ndalama kwa wina aliyense, ngakhale ya chikole.

Mayi a Tiyamike: Ndamva aphunzitsi. Ndimuuza mawa kumsika.

Limbani: Pepani ndibwezeretse pambuyo pang'ono. Agogo akufunsa a ku Joni, akuti ndalama za a Theba zija zili pati? Kunabwera anthu ena chaka chatha kudzalemba mayina, anatenga ndalama ya fomu, sanabwerenso.

Kondwani (Cape Town): Amenewo ndi madobadoba, musawapatsenso kanthu. Chimene ndikuchidziwa ine ndi Tshiamiso Trust. Inakhazikitsidwa makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide atavomera kulipira R5 biliyoni, khoti linavomereza mu 2019. Ndi ya anthu amene anadwala silicosis (matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi) kapena TB ya kumgodi, amene anagwira ntchito pakati pa March 1965 ndi December 2019 m'migodi ya makampani amenewo, monga Harmony, Gold Fields ndi AngloGold Ashanti. Kulembetsa kwake n'kwaulere. Si penshoni ya aliyense amene anapita pa Theba ayi, amayeza kaye m'chifuwa. Nkhani ya ndalama zimene anthu ankadulidwa pa malipiro ndi ina payokha. Agogo anali mgodi uti, ndipo anasiya chaka chanji?

Limbani: Akuti Western Deep Levels, ku Carletonville. Chaka akuti akumbukira bwino akaona pasi lawo.

Kondwani (Cape Town): Umenewo unali wa golide. Pasilo likadalipo? Pamakhala nambala yawo ya kumgodi, ndi imene amayambira kufufuza.

Limbani: Akuti lili mu sutikesi ya chitsulo ija, koma kiyi ali ndi agogo aakazi ndipo apita ku mvano. Akabwera ndijambula nditumize ku inbox kwanu.

Stella (Randburg): Ujambule mbali zonse ziwiri, ndi chitupa chawo cha unzika chomwe. Usatumize pa gulu pano.